Nkhope Yotsalira pa Siteshoni

Mayi Felesiya Kachingwe analota foni yawo itakhala pampando wa alendo, manja ili pamaondo, ikudikira kufunsidwa mlandu.

Unali usana wa Lachinayi, kunyumba kwawo ku Balaka, dzuwa lili paliwombo. Foniyo inali yomwe ija mwana wawo Mwandida anawagulira ku Lilongwe, ya maso atatu kumsana. Koma tsopano inali itakula ngati munthu, ndipo nsapato zake inali itavula n'kuzisiya pakhomo. Mayiwo sanadabwe nazo. Anangoona kuti komwe inachokera inaleredwa bwino.

Mlandu wake unali wodziwika. Ku Luchenza kunali bambo wina, a Lufeyo Mtambalika, amene mayi Felesiya anaphunzira nawo sitandade seveni ku Ntcheu zaka makumi anayi zapitazo, ndipo chisiyanirane sanaonanenso. A Lufeyo akazi awo anamwalira. Nawo mayi Felesiya amuna awo, a Wedisoni, anawaika m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mlongo wa a Lufeyo, mnzawo wa mayiwa ku Mvano, ndiye anapereka manambala uku ndi uku, akunamizira kuti wangolakwitsa. Kuchokera pamenepo, Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi foni inkalira, ndipo awiriwo ankakamba za mvula, za maondo, ndi za aphunzitsi omwe anatsogola kale. Lamlungu lapitalo a Lufeyo anatsokomola kawiri, kenako anati, "Mukadanditumizirako kachithunzi, kuti mawu ndimamvawa akhale ndi mwini wake."

Ndiye mayi Felesiya anayesa. Anayesa pakhonde, foni inatulutsa mano ndi duku basi, pakati pali mdima bii. Anayesa padzuwa, nkhope inatuluka mbuu, yosalala ngati sopo wotsala m'bafa, mphuno osaoneka. Atapita pansi pa mtengo wa mango, foniyo inajambula bwino kwambiri nkhuku yomwe inkadutsa kumbuyo, nthenga iliyonse payokha, mayiwo ali potero ngati utsi wa zinyalala.

"Tafotokozani," anatero mayi Felesiya atakhala moyang'anana nayo. "Mwana wanga anati muli ndi maso atatu. Onsewo mumaonera chiyani?"

"Mayi, ndithokoze pondipatsa mpata," inatero foni. "Awiriwa ndi okongoletsa chabe. Logwira ntchito ndi limodzi, nalonso likaona dzuwa limatsinzina."

"Nanga nkhuku ija munaiona bwanji?"

"Nkhuku ndi yopepuka, mayi. Sinaonepo zambiri. Nkhope yanu ndi katundu. Ine ndimanyamula zomwe ndingathe, zotsalazo ndimazisiya pa siteshoni."

"Chisiyireni simunandiuze?"

"Simunafunse, mayi. Munkangondigwedeza."

Mayi Felesiya anaona kuti pamenepo foni yanena zoona. Anamanga chitenje n'kunena kuti, "Tsogolani mukandionetse."

Foni inatenga nsapato zake m'manja n'kutsekula kabati ya mbale za alendo. Anadutsa pakati pa makapu a maluwa, omwe anali asanamwerepo munthu chimwalirire a Wedisoni. Makapuwo anawapatsa moni onse pamodzi, ndipo kamodzi kothyoka chogwirira kanafunsa ngati kukubwera alendo. Mayiwo anati aona. Kuseri kwa mbale yaikulu ya mpunga kunali masitepe atatu, ndipo atatsika anapezeka ali pa siteshoni.

Sinali siteshoni ya ku Balaka yomwe ankaidziwa. Pakati pa njanji ziwiri pankayenda mtsinje woyera mbee, ndipo nsomba zinali zitaima pamzere kudikira kuti mbendera ikwezedwe. Anthu anali ambiri, aliyense atagwira foni yake padzanja ngati wakuba wogwidwa pamsika. Onse ankalunjika pawindo limodzi lomwe pamwamba pake panalembedwa kuti KATUNDU WOTSALA.

Patsogolo pawo pamzerepo panali mkwatibwi. Anati pa zithunzi zonse za ukwati wake diresi linatuluka lachikasu ngati dzungu, moti apongozi ake ankati anabwereka lakale. Atafika pawindo anamupatsa kuyera kwa diresilo kuli m'ndowa. Anasenza n'kumayenda pang'onopang'ono kuti kusatayike, akumwetulira yekha. Pambuyo pake panadutsa mlimi wina atamanga kubiriwira kwa chimanga chake pakaliyala ya njinga. Mtolowo unkadontha, ndipo paliponse pomwe padonthera pankamera udzu nthawi yomweyo.

Itafika nthawi yawo, mayi Felesiya anasuzumira pawindo n'kupeza kuti wogwira ntchito mkatimo anali a Wedisoni.

Anali atavala jekete lomwe lija anawaika nalo, cholembera chili kukhutu. Ali moyo ankakonza njinga pamsika, ndipo ngakhale kuno zala zawo zinali zakuda ndi girisi. Koma anali atanenepa, masaya ali tha.

"Takulandirani, amake Mwandida."

"Zikomo, abambo ake Mwandida. Kaya inu kuno?"

"Kuno kulibe chovuta. Ntchito ndiye yochuluka, mafoni achuluka. Mwasiya bwanji kunyumba?"

"Onse ali bwino. Mwandida anamukweza pantchito."

"Tinamva. Nanga denga la khitchini?"

"Likudonthabe."

"Ndinati ndikonza mvula ikatha."

"Yatha kasanu ndi kamodzi."

A Wedisoni anagwedeza mutu n'kulemba zimenezo pakapepala. Mayi Felesiya maso anali pa jekete. Batani lachiwiri linali losokedwa ndi ulusi wofiira, pomwe iwo ankasoka ndi wakuda.

"Batani ilo wakusokerani ndani?"

"Kuno aliyense amadzisokera," anayankha msanga a Wedisoni, n'kulowa kuchipinda chamkati.

Anabwerako atanyamula lichero lovundikira ndi nsalu. Analiika pawindo n'kuvundukula. Munali zonse zomwe foni inkasiya m'njira chiyambire tsiku lomwe inalowa m'nyumba mwawo. Foniyo inawerama n'kumayang'ana zala za kumapazi.

"Tiyambe ndi izi," anatero a Wedisoni, akutola tiulusi titatu. "Makwinya a pamphumi. Lalitalili ndi la chaka chija Mwandida anagonekedwa ndi malungo. Lachiwirili ndi la maliro anga, pepani ndi ntchito yomwe ndinakupatsani."

"Nanga lakuyalo?"

A Wedisoni anakanda kukhosi. "Ilo ndi langanso. Ndi la chaka chija ndinkabwera kunyumba ndikuimba."

"Zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri," anavomera, n'kukonza pakapepala paja.

Pansi pa lichero panali timakwinya tina tating'onoting'ono tambiri, ta m'mbali mwa maso. Timeneti a Wedisoni anati ofesi inalephera kutiwerenga, chifukwa ukangotikhudza timayamba kuseka, ndipo wowerengayo amasekanso n'kuiwala pomwe anafika. Mayi Felesiya anatigwedeza pang'ono ndi chala. Tinaseka ndithu, kuseka kwawo komwe kuja kokhala ngati munthu watsamwa ndi madzi, mpaka anthu a pamzere anayamba kusekera limodzi osadziwa chomwe chachitika.

Munalinso chipsera cha pachibwano, cha tsiku lomwe anagwa pakaliyala ya a Wedisoni akuchokera kochita chinkhoswe, mabuleki atakana pamtsetse. Munali imvi zisanu ndi ziwiri zomangidwa pamodzi ngati masamba a pamsika. M'kabotolo munali mtundu weniweni wa khungu lawo, wakuda mowala ngati mtedza wokazinga bwino. Ndipo m'kapepala kopindapinda munali mpata wa pakati pa mano awo akutsogolo. Kapepalako kanali kopepuka kwambiri. A Wedisoni anakapereka ndi manja awiri.

"Uwu ndi umene unandigwetsa ine," anatero, akuyang'ana kumbali. "Tsopano lamulo la ofesi likuti ndifunse. Chithunzichi chikupita kuti?"

Mtsinje uja unaima kuyenda kuti umve nawo.

"Ku Luchenza, bwana," inatero foni.

Mayiwo anaiponda chala. Koma poti mawu anali atatuluka kale, anaimika khosi n'kunena okha. "Chikupita kwa a Lufeyo Mtambalika. Timalankhulana Lamlungu lililonse. Ndimafuna ndikuuzeni, koma kumanda kuja ndikafika mawu amathawa, ndimangozula udzu."

A Wedisoni anachotsa cholembera kukhutu n'kuchiika pansi. Mayi Felesiya anachiyang'ana cholemberacho. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anakhala ndi bambo ameneyu, ndipo ankadziwa kuti akaika chinthu pansi mofatsa chonchi ndiye kuti nkhani yalowa mkati.

"Lufeyo," anatero a Wedisoni. "Uja ankagwira pagolo kusukulu atavala kabudula wa bambo ake?"

"Yemweyo."

"Mpira ukamabwera ankayamba wapepesa."

"Anakula tsopano."

"Amamwa?"

"Tiyi. Wopanda shuga, adokotala anawaletsa."

"Nyundo amaidziwa?"

"Akuti nyumba yawo anakhoma okha malata."

A Wedisoni anapumira m'mwamba, mpweya wautali, mapepala onse a muofesimo n'kuuluka kenako n'kubwerera m'malo mwake. "Ndiye denga lija lapeza mwini," anatero. "Ine nkhani imeneyi inkandisowetsa mtendere. Anzanga kuno amandiseka nayo."

Mtsinje unayambanso kuyenda. Mayi Felesiya anafuna kuseka, koma m'malo mwake anayang'ana m'lichero muja, makwinya, imvi ndi chipsera, ndipo mantha omwe anawabisa sabata yonse anatuluka okha.

"Abambo ake Mwandida, munthuyu akukumbukira mtsikana wothamanga mtunda wautali, wa khosi ngati botolo. Akaona izi adzati walakwitsa nambala. Mwina foniyi imandichitira chifundo."

"Ine chifundo ndilibe, mayi," inatero foni. "Ndi kuchepa mphamvu basi."

A Wedisoni anakwera pampando n'kutsitsa chitini cha mabisiketi pashelefu yapamwamba. Anapukuta fumbi ndi mkono wa jekete. "Lamulo likuti ndikuonetseni zonse zomwe tikusunga m'dzina lanu," anatero, n'kutsekula.

M'chitinimo munali nkhope ya Felesiya wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Inali yosalala, yonyezimira, nsidze zili m'mwamba ngati yamva nkhani yabwino. Foni inadumpha ndi chimwemwe. Inati imeneyo ikhoza kuinyamula ndi dzanja limodzi, ngakhale kukwera nayo phiri.

Mayi Felesiya anaitenga n'kuivala. Anapita m'mphepete mwa njanji kukadziyang'anira m'madzi, ndipo nsomba zinasiya mzere kubwera kudzaona. Inali nkhope yokongola zedi. Anatembenuka uku ndi uku, akugwira masaya. Inkathina pang'ono kumakutu ngati nsapato ya mwini wake, koma anati izolowera.

Atabwerera pawindo anapezapo bambo wina wachikulire, wonenepa, wa zala zakuda, akuwayang'ana ngati akuwadziwa. Anachita manyazi n'kugwada pang'ono.

"Pepani bambo, sitima ya ku Ntcheu inyamuka nthawi yanji? Amayi akundidikira."

"Mwana wanu dzina lake ndani?" anafunsa bamboyo.

Felesiya anaseka. "Ine mwana? Ndili sitandade seveni."

Koma atangotero anamva kuti pachifuwa pali malo ozizira, ngati pomwe pachotsedwa mphika. Panali dzina lina lomwe linkayenera kukhala pamenepo. Analifunafuna ndi lilime, osalipeza. Nkhope ija inkangomwetulira, chifukwa china sinkachidziwa. Anagwira kumakutu ndi manja onse awiri n'kuikoka mwamphamvu mpaka inavuka.

"Mwandida!" anakuwa, siteshoni yonse n'kutembenuka. "Dzina lake ndi Mwandida. Anabadwa Lachiwiri, mvula ikugwa, inu mutapita kukabwereka ngolo."

"Ndi zoona," anatero a Wedisoni. "Ngoloyo inafika mwana atayamba kale kuyamwa."

Anabweza nkhope ija m'chitini, mofatsa, n'kuifunditsa kansalu. Mayi Felesiya anaiuza kuti igone bwino, inagwira ntchito yake. Kenako anakokera lichero pafupi n'kuyamba kuvala zawo.

Anayamba ndi khungu, akudzola ngati mafuta a Lamlungu. Imvi anazibzala okha pamwamba pa khutu lamanzere pomwe zimakhala. Timakwinya toseka tija tinathamangira tokha m'malo mwake, tikukankhana. Chipsera anawaika ndi a Wedisoni, atatulutsa dzanja pawindo, ndipo chala chawo chinali chofunda, chonunkhira girisi. Atafika pa khwinya lakuya lija, bamboyo analigwira osalipereka.

"Ili lisiyeni kuno. Musapite nalo kwa eni ake, ndi manyazi anga."

"Bweretsani," anatero mayi Felesiya. "Ndinalipeza movutikira. Ndiponso chaka chachitatu chija munasiya, munabwera ndi nsalu ya buluu. Likachoka ili ndiiwala ndi nsaluyo."

A Wedisoni anawaika khwinyalo pamphumi n'kulisalaza ndi chala chachikulu. Anatenga nthawi yaitali kuposa yomwe ntchitoyo inkafuna, ndipo a pamzere sanadandaule.

Kutali kunalira sitima. Foni inavala nsapato zake msangamsanga n'kunena kuti, "Mayi, poti zonse zili pamodzi, ndiloleni ndiyesenso kamodzi. Imani apo. Mwetulirani."

Mayi Felesiya anaima, namwetulira ndi mpata wawo wonse. Foni inakunga mphamvu, inatsegula diso lake limodzi lija, maondo ake n'kuyamba kunjenjemera. Kunamveka kuti thee! Itadzuka pomwe inagwera, inaonetsa chithunzi. Chinali cha nsomba, mamba onse akuoneka bwinobwino.

"Pepani, mayi," inatero.

"Musaikalipire," anatero a Wedisoni. "Yayesetsa. Ofesi ino siilola katundu wolemera chonchi kuyenda yekha. Pamafunika womuperekeza. Bweretsani dzanja."

Mayiwo anapereka dzanja, ndipo a Wedisoni anawadinda chidindo pachikhatho, n'kuuzirapo kuti inki iume.

Sitima inafika ikuyenda pamwamba pa madzi, nsomba zikupatuka mwaulemu. Mabogi ake anali zipinda za nyumba za anthu, makatani ali pamawindo. M'chipinda china mayi wina ankasita, m'china bambo ankameta ndevu, ndipo onse anasendera kuti pakhale malo. Khomo lina linatseguka pamaso penipeni pa mayi Felesiya. Sitepe yake inali yaitali, yofika m'maondo.

Anatembenuka. "Inu simukwera?"

"Ndili pantchito," anatero a Wedisoni. "Ndiweruka mochedwa. Inu musandidikire, mudye."

"Ulusi wofiirawo sukugwirizana ndi jekete."

"Ndamva. Pitani, sitima siidikira."

Anakweza dzanja lakuda lija kamodzi, kenako anabweza cholembera kukhutu n'kuitana wotsatira. Mayi Felesiya anakwinya chitenje, anagwira chitsulo cha pakhomo, n'kuponda sitepe. Inali yotentha. Inkatenthera phazi, kutentha n'kumakwera mwendo.

Anatsegula maso. Anali pakhonde pawo, atatsamira khoma, ndipo mthunzi unali utasuntha moti phazi lawo lamanja linali padzuwa, pasimenti yotentha. Foni inali pamiyendo pawo, yaing'ono ngati kale, ili chete.

Anakhala kaye pang'ono, akumvetsera njiwa padenga. Anagwira pamphumi, kenako pachibwano. Atatero anapukuta galasi la foniyo ndi nsonga ya chitenje, anafufuza dzina, n'kuimba.

"Mayi Kachingwe?" anayankha a Lufeyo, mawu ali m'mwamba. "Kwagwanji? Kuli bwino?"

"Kuli bwino. Ndimati ndikuuzeni kuti chithunzi chija sichibwera."

A Lufeyo anati, motsitsa, "Ndinalakwa kupempha. Mundikhululukire, ndinafulumira."

"Simunalakwe. Ndibwera nacho ndekha Loweruka. Mukandichingamire pomwe pamaima maminibasi."

"Loweruka lake liti? Lomweli?"

"Lomweli."

"Nanga, nanga ndikakudziwani bwanji? Zaka zonsezi, anthu amatsika ambiri pamenepo."

"Inu mukangoima poonekera," anatero mayi Felesiya. "Mayi amene akakufunseni chifukwa chomwe simunamulandire chikwama, ndi ameneyo."

Kunamveka mpando ukugwa. Kunamveka mapazi akupita uku n'kubwerera, chitseko cha kabati chikutseguka, zinthu zikugubuduka pansi. A Lufeyo anali ataiwala kudula foni. Ankalankhula okha m'nyumba yopanda munthu: "Simbi ija ndinaika pati? Ndinaika pati simbi?"

Mayi Felesiya nawo sanadule. Anabweza phazi mumthunzi, anatsamiranso khoma, foni ili kukhutu, n'kumamvetsera bambo wa imvi akusakasaka simbi ku Luchenza, Loweruka likadali kutali ndi masiku awiri.